Chiuno sachiseweretsa, ana anga

Ana anga a muno mu Lusaka, ndimvereni. Mdzukulu wanga wa zaka 29 lero akutsimphina ngati nkhalamba, pokwera minibasi ku Chawama mpaka kondakitala amugwire dzanja. Chinamuwononga ndi timapilisi tonenepetsa, dexamethasone, tomwe ankagula pamsika kuti thupi lidzadze. Masaya anatupadi, anzake n'kumamuyamikira. Koma mankhwala amenewa ukamwa nthawi yaitali popanda dokotala, magazi amachepa kumutu wa fupa la ntchafu, paja limalowa m'chiuno, fupalo n'kuyamba kufa. Mowa wambiri umachitanso zomwezo, inu anyamata a kachasu. Odwala sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, nawonso zimawagwera, iwo osalakwa kanthu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ululu ukayamba mumameza diclofenac ndi brufen ngati mtedza, m'mimba mulibe kanthu. Mawa zilonda za m'mimba, mkuja impso zafooka. Ena mukatemera mphini. Mphini ifika bwanji pafupa?

Chiuno chimanyenga. Ululu wake umamveka m'mphechepeche, nthawi zina pabondo penipeni. Mwana akamatsimphina n'kumaloza bondo, musangomupaka mafuta n'kumutuma kukatunga madzi, akamuone m'chiuno kuchipatala. Ngakhale TB nayonso imagwira mafupa.

Kwa ife achikulire nthawi zambiri imakhala nyamakazi, mafupa aperesana ndi zaka. Si aliyense wofunika opaleshoni ayi. Pitani kuchipatala cha Matero, Chilenje kapena Kanyama, kukafunika akutumizani kuchipatala chachikulu cha UTH. Akajambula X-ray, a physiotherapy akuphunzitsani masewero olimbitsa minofu ya matako ndi ntchafu. Muzichita tsiku ndi tsiku, osati sabata imodzi basi mwaleka. Kugona chigonere kumaumitsa chiuno. Onenepa, chepetsani thupi, katundu yense amagwera pamenepo. Thumba la ufa la 25kg alisenze ana, inu lekani, ndipo kampando kakafupi ka pambaula kasiyeni.

Ndodo musachite nayo manyazi. Ine ndili nayo. Imagwiridwa ndi dzanja la mbali yosapweteka, ambiri mumaigwira mbali yolakwika n'kumati sithandiza.

Ndipo iwe mwana wanga amene ukumwa timapilisi tija, usasiye kumwa mwadzidzidzi lero lomwe, thupi likhoza kufooka moopsa. Tenga paketiyo, ukamuonetse dokotala, akuchepetsere pang'onopang'ono.