Kesi ya kompyuta yopanga wekha: chitsulo mkati, thabwa louma kunja

Abale anga aku Zomba amene mwayamba zopanga nokha makesi a kompyuta, ndati nane ndiponyepo mawu pa nkhani ya zipangizo chifukwa ndikuona ngati ambiri tikusochera poyambira pomwe. Kupanga wekha kesi ndi chinthu chabwino zedi, ine ndimasangalala ndikaona mnyamata waku Chikanda kapena ku Matawale atagwira tepi ndi sowo akupanga chinthu chakechake mmalo modikira kuti chichokere ku Dubai kapena ku China, koma vuto nlakuti tikusankha zipangizo potengera zimene taona pa YouTube, makesi a galasi mbali zonse, timagetsi tamitundumitundu tikuphethira mkati, osaganiza kuti amene akujambula mavidiyo ajawo sakhala kuno. Ife kuno October akafika fumbi limalowa olo mkabati yotseka, mvula ikayamba zovala zimatha masiku pachingwe osauma, June ndi July ndi uyo chiperoni, nde kesi yanuyo ikuyenera kupirira zonsezi chaka ndi chaka. Maganizo anga ndi awa, momwe mukhale motherboard (bodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi power supply (bokosi logawa magetsi) mukhale chitsulo, kunja kukhale thabwa louma bwino, perspex, pulasitiki ija yoonekera ngati galasi, ngati mtima wakana kuisiya ikhale kawindo kamodzi basi.

Ndiyambe ndi chitsulo chamkaticho chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Musavutike nkuchipanga. Pitani kwa anyamata okonza makompyuta mtaunimu mukafunse kesi yakufa, ija yophwanyika mbali, yothyoka mapulasitiki akutsogolo, imene yangokhala pakona ikudya malo. Chomwe mukufuna mmenemo ndi zidutswa ziwiri zokha, chitsulo chomwe motherboard imagonapo ndi chakumbuyo chija chokhala ndi bowo la power supply, bowo la ma USB ndi timipata ta makadi. Zimenezi amazigwiriza ndi ma rivet, nde mukangotenga drill ndi kabiti ka 3 mm kapena kokulirapo pang'ono nkuboola pamutu pa rivet iliyonse, kamutu kamazungulira kenako nkuthothoka kokha, chitsulo nkutuluka chabwinobwino. Ndikulimbikira apa chifukwa cha miyeso. Motherboard ya ATX, muyeso umene Intel inatulutsa mu 1995, ndi 305 mm kwa 244 mm, microATX ndi 244 kwa 244, Mini-ITX ndi 170 kwa 170, ndipo mabowo a masikuluwu ali ndi malo ake enieni, pa ATX nthawi zambiri amakhala 9. Mukaphonya ndi mamilimita awiri okha graphics card sikhala bwino mu slot yake, kapena ma port akumbuyo sayang'anizana ndi bowo, nde munthu umayamba kukankha mokakamiza, ndipo bodi ukamaikakamiza choncho ukuipha pang'onopang'ono. Kufakitale anayeza kale ndi makina, ifeyo tingotengerapo mwayi.

Potenga chitsulocho musasiye timiyendo tamkuwa tija timene timanyamula bodi mmwamba pafupifupi 6 mm kuti kunsi kwake kusagunde chitsulo. Kamwendo kazikhala pokhapo pamene bodi ili ndi bowo, kamodzi kokha kakatsala malo olakwika kakhoza kukhudza kunsi kwa bodi nkushotetsa zonse. Masikuluwu nawo tolani onse musunge mkabotolo, amkompyuta amakhala mitundu iwiri, 6-32 ndi M3, ndipo si kawirikawiri kuwapeza mma hardware wamba. Komanso dziwani kuti makompyuta ambiri akaunjika ochokera mmaofesi akunja, ma Dell OptiPlex ndi ma HP ang'onoang'ono aja, ali ndi mabodi ndi ma power supply a muyeso wawowawo, nde ngati bodi yanu yachokera mmenemo gwiritsani chitsulo cha kesi yake yomweyo, musafunefune china.

Chifukwa china chomwe ndimakakamira chitsulo ndi earth. Magetsi athu ndi 230 volts, ndipo pa pulagi yathu ya mano atatu ija dzino lalitali lapamwamba ndi la earth, limakalumikizana ndi bokosi lachitsulo la power supply, nde mukaimanga pa chitsulo chakumbuyo chija zitsulo zonse zamkati zimakhala pa earth imodzi. Sindikukana, kompyuta imayaka ndithu olo mutaiyala pathabwa lokhalokha chifukwa mawaya akuda a power supply amafika kale pa bodi, koma magetsi aja amadzikundikira mthupi nyengo youma, amene amakuthethetsa ukagwira chitseko cha galimoto, amafuna pothawira, bola athawire mchitsulo kusiyana ndi mu RAM imene mwaisungira ndalama miyezi. Chitsulo chimathandizanso kutchinga tiphokoso tamagetsi timene timasokoneza wailesi ikakhala pafupi. Ndipo ngati mumati mukagwira kumbuyo kwa kompyuta mumamva kunyerenyetsa, musanamizire kesi, nthawi zambiri ndi soketi kapena extension yopanda earth, itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito yake adzaone. Power supply yokhayo ndikukupemphani achimwene musaitsegule kuti muichotse mbokosi lake ikwane mkesi yanu, muli ma capacitor amene amasunga magetsi olo mutazula pulagi, munthu akhoza kuvulala zoopsa.

Tsopano thabwa. Ena amaopa kuti lipsa, ayi ndithu. CPU, ubongo wa kompyuta umene umatentha kwambiri, ikafika cha mma digiri 95 kapena 100 imadzichepetsera yokha liwiro kapena kuzimiratu, mpweya wotuluka mkesi sufika olo pafupi ndi pamenepo, pomwe thabwa kuti ligwire moto pamafunika kupitirira madigiri 200. Chimene chimaononga kesi yathabwa kuno ndi chinyezi. Paini sasowa chifukwa cha phiri lathu la Zombali, koma matabwa ambiri amene timawaona akutsika amakhala ongochekedwa kumene, ukaligwira limazizira mmanja, kulemera kwake kodabwitsa, utomoni ukuchita kumata zala, ukakhomapo msomali pamatuluka kamadzi mbali mwake. Thabwa lotere mukapangira kesi lero limaoneka bwino zedi, koma likamauma limapindika ngati bwato, chitseko chambali osatsekekanso, makona atayasama, ndipo ngati munamangirira motherboard pathabwa lomwelo nayo imapindika limodzi, mtovu wolumikiza tizipangizo kunsi nkuyamba kung'aluka, kompyuta nkumangozima yokha inu muli kalikiliki kuikanso Windows kuganiza kuti ndi virus. Utomoni wa paini nawo ukamva kufunda umatuluka, fumbi nkumamatirira pomwepo.

Nchifukwa chake ine ndimasankha plywood ya 9 mm kapena 12 mm. Plywood ndi timatabwa topyapyala tomatidwa mopingasana, kena kuyang'ana uku kena kuyang'ana uko, nde kamodzi kakafuna kukhota kanzake kamakagwira, komanso siing'aluka wamba ukamaboola bowo lalikulu la fani. Si chinthu chachilendonso, Raiply ku Chikangawa amapanga konkuno ku Malawi. Ngati thumba lavuta funani thabwa lakale, chitseko cha kabati yakutha, shelefu, desiki yothyoka miyendo, limenelo linauma kalekale ndipo linamaliza kukhota kwake, ingoligogodani muone, likamatuluka ufa mtimabowo ndi lofumbwa lisiyeni. Chipboard ndi MDF zokha ayi, zimaoneka zosalala bwino pogula koma zikamwa chinyezi cha January zimafufuma mmphepete, ndipo sikuluwu ikazuka kamodzi sigwiranso. Mukatha kudula pakani vanishi mbali zonse ziwiri ndi mmphepete momwe, ambiri amapaka kunja kokha kooneka ndi anthu, nde mbali imodzi imamwa chinyezi inayo ayi, thabwa nkukhota. Muisiye iume fungo lithe musanaikemo zipangizo.

Ndipo chonde abale, wina akakutsatsani mkungudza waku Mulanje kuti kesi izinunkhira bwino, kanani. Umenewo ndi mtengo wa fuko lathu ndipo watsala pang'ono kutheratu kuphiri kuja, sungathere pa bokosi la kompyuta. Mlombwa ndi mbawa nzokongola ndikudziwa, koma ngati mukufuna kutsogolo kwa kesi kuoneke mwapamwamba pemphani zidutswa zotsala kwa akalipentala ku Chinamwali kapena ku Mpondabwino, zija amangosonkhera moto, kathabwa kamodzi kakwana. Tonse tikuona ndi maso mmene phiri lathu la Zomba layerera malo ena, tisaonjezere.

Nanga wofuna kesi yachitsulo yokhayokha? Zitheka, ndipo amisiri okhoma zidebe ndi mbaula kumsika aja amapinda lata mwaluso kuposa mmene ambiri timawaganizira, mukawapatsa miyeso yolembedwa bwino papepala akupangirani. Koma musatenge lata lofolerera nyumba. Pa geji nambala ikamakula lata limapyapyala, nde ma 28, 30 ndi 32 aja ndi opyapyala kwambiri, fani ndi hard disk zikayamba kuzungulira kesi yonse imanjenjemera nkumalira usiku onse. Makesi amshopu nthawi zambiri amakhala a chitsulo cha 0.5 mpaka 0.8 mm, funani flat sheet ya cha pamenepo kapena yokhuthalako. Mmphepete monse apinde chifukwa lata lodula limacheka mawaya ndi zala zomwe. Lata la galvanised musawotcherere, utsi wa zinki umadwalitsa, munthu amamva kuphwanya mthupi ndi kutentha thupi, gwiritsani ma rivet, ndipo podulidwa ponse pakani penti wa red oxide dzimbiri lisanayambe. Aluminiyamu ndi yabwino, yopepuka, imadulika ndi hakiso, tizidutswa ta angle totsala kwa opanga mawindo timagwira makona a plywood bwino kwambiri, kungoti mazinga ake ogwira sikuluwu sachedwa kulala nde gwiritsani bawuti ndi nati. Anthu amati imaziziritsa kompyuta chifukwa imadutsitsa kutentha pafupifupi kanayi kuposa chitsulo, nzoona imadutsitsa, koma CPU yanu sikhudzana ndi khoma la kesi, kutentha kumatuluka ndi mpweya, nde musalipire ndalama zambiri pa chifukwa chimenecho.

Perspex ndilibe nayo mawu ambiri. Imakandika olo ndi kansalu kopukutira, imakoka fumbi yokha chifukwa cha static, magetsi odzikundikira aja, ukaboola mothamanga ndi biti wamba imang'aluka kuchokera pabowo mpaka kumapeto. Kawindo ka 3 mm, kuboola pang'onopang'ono utaika thabwa kunsi, basi. Galasi la mmawindo a nyumba musayerekeze, likasweka limasiya zisonga, ndipo mnyumba zathu muli ana. La mmakesi amshopu ndi tempered, lolimbitsidwa ndi moto, ndipo limenelo silidulika kapena kubooleka likachoka kufakitale.

Chomwe ndikufuna muthere nthawi yambiri ndi mpweya, chifukwa thabwa silithandiza kutulutsa kutentha olo pang'ono, ntchito yonse ndi ya mafani. Mpweya uzilowa kutsogolo chakumunsi nkutulukira kumbuyo chakumwamba. Fani ya 120 mm imakankha mpweya wambiri mosasokosa kusiyana ndi ya 80 mm imene imayenera kuthamanga kwambiri kuti ifanane nayo. Kuno kwafumbi ikani mafani olowetsa ambiri kuposa otulutsa, mwachitsanzo awiri kutsogolo imodzi kumbuyo, kuti mpweya uzichita kutuluka mtimipata tonse mmalo moyamwa fumbi, ndipo pa mafani olowetsawo ikani gozi waya wa mmawindo pa kafelemu kochotseka. Neti ya udzudzu isiyeni, ndi yogonamo ana imeneyo. Goziyo amatchinganso mphemvu ndi nalimata zimene zimakonda pofunda, nalimata mmodzi akalowa mu power supply nkugunda posayenera ndiye kuti yapita. Musanadule thabwa yezani cooler yanu yoziziritsa CPU, zazitali zija zimafika cha mma 160 mm, ndipo ma graphics card ena amapitirira 300 mm kutalika, power supply ya ATX kumbuyo kwake ndi 150 kwa 86 mm, yalani zonse pakatoni mujambule kaye ndi pensulo, musiyenso kampata ka mawaya kuseri. Hard disk muikhazike pa timarabara, tidutswa ta chubu cha njinga timagwira ntchito, chifukwa thabwa limakuza kunjenjemera kwake.

Pansi ikani timiyendo kesi ikwere masentimita angapo, simenti imatulutsa chinyezi komanso pokolopa madzi amafika, ndipo ngati power supply imakokera mpweya kunsi isamayamwe fumbi lapansi. Chitseko chambali musachikhomere ndi misomali kapena guluu, ikani mahinjesi kapena masikuluwu omasula ndi dzanja, chifukwa nyengo ya fumbi muzitsegula pafupipafupi kupemerera ndi blower, ndipo popemererapo zulani kaye pulagi, fani iliyonse muziigwira ndi chala isazungulire mopitirira muyeso.