Wofunsa mafunso m'mpingo si wachikunja

Abale, mmene timachitira ndi anthu ofunsa mafunso m'mipingo zimandidetsa nkhawa. Mnyamata akangokweza dzanja pa phunziro la Baibulo n'kufunsa kuti Kaini anam'peza kuti mkazi, maso onse amakhala pa iye ngati walowedwa chiwanda. Yankho lake n'lakuti ungokhulupirira basi. Funsolo salitaya ayi, amapita nalo pa TikTok, ndipo womuyankha kumeneko sakhala mbusa wake.

Ena amathamangira 1 Akorinto 8:1, ati chidziwitso chimatukumula. Werengani mutu wonsewo muone. Paulo ankadzudzula anthu odziwa kuti fano si kanthu, amene ankadya nyama yoperekedwa nsembe osaganizira abale ofooka. Chimene chinkawasowa ndi chikondi. Palibe pamene anawauza kuti asiye kuphunzira.

Paulo yemweyo ali m'ndende, atanena kale kuti nthawi yake yochoka yafika, tamvani zimene akupempha Timoteo pa 2 Timoteo 4:13: chofunda chimene anasiya ku Trowa kwa Karpo, ndi mabuku, makamaka a zikopa aja. Nkhalamba yozizidwa, imfa ili pakhomo, koma mtima uli ku mabuku. Munthu woti anakumana ndi Yesu panjira ya ku Damasiko! Ngati iye sanafike ponena kuti Mzimu wandikwanira, kuwerenga n'kwa ena, ife takula liti?

Pa Machitidwe 17:11, Luka akutamanda anthu a ku Bereya kuposa a ku Tesalonika chifukwa ankasanthula malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zonena za Paulo zinali zoona. Mtumwi weniweni ankafufuzidwa, ndipo Baibulo likuwayamikira ofufuzawo. Lero ukangofunsa kuti vesi limene mwatchulalo lili pati, umauzidwa kuti usakhudze wodzozedwa wa Mulungu. Ndi mmene nkhosa zimagwera m'manja mwa aliyense wodziwa kukuwa pa maikolofoni.

Ndipo sindikunena za malembo okha. Pa 1 Mafumu 4:33, nzeru za Solomo zinafika pa mitengo, kuyambira mkungudza wa ku Lebano mpaka hisope womera pakhoma, komanso nyama, mbalame ndi nsomba. Danieli anaphunzira chinenero ndi mabuku a Ababulo zaka zitatu, pemphero osalisiya. Gregor Mendel, amene mu 1866 anafotokoza mmene makhalidwe a zamoyo amapitira kwa ana, anali mmonke, ndipo anazipeza polima nsawawa m'munda wa nyumba ya amonke ku Brno. Amene ananena mu 1927 kuti thambo likufutukuka, Georges Lemaître, anali wansembe wa ku Belgium.

Inde, alipo ophunzira odzikuza, tonse tawaona akukangana pa Facebook mpaka usiku. Koma odzikuza osawerenga nawonso ndi ambirimbiri, kungoti iwo salangizika n'komwe. Ine amandisangalatsa ndi Apolo wa ku Alesandriya, pa Machitidwe 18. Anali katswiri wa malembo, wodziwa kulankhula, koma ankadziwa ubatizo wa Yohane wokha. Priskila ndi Akula, banja losoka mahema, anam'tengera pambali n'kumufotokozera bwino, ndipo atapita ku Akaya anathandiza kwambiri okhulupirira. Ndikulakalaka nditaona mlaliki wotchuka wa masiku ano atakhala pansi kumvera osoka mahema.