Inu a njinga ndi inu a galimoto, mudzaphana pamsewu ndithu mukapanda kumva

Ana anga, adzukulu anga, ndi inu anzanga amene imvi zayamba kutuluka, nkhani iyi yandisowetsa tulo nde ndati ndilembe basi. Ine ndagwira chiwongolero zaka zambiri mu Lilongwe muno, kuyambira nthawi ija ukamachoka ku Old Town kupita ku City Centre umachita kuwerenga magalimoto omwe wakumana nawo, komanso ndisanakhale dalaivala ndinali wa njinga yakapalasa, nde musaganize kuti ndikuikira kumbuyo mbali imodzi ayi. Nonse ndinu anga ndipo nonse mwandikhumudwitsa.

Loweruka lina mmawa ndimachokera ku Kawale kulowa mtauni. Tisanafike pa mlatho wa Lilongwe tinapeza msewu wadzadza njinga, anyamata a kabaza ambirimbiri, ena amanga masamba ku mahandulo, ena akuimba mabelu, ena anyamula makatoni olembedwa ndi makala. Anthu mmbali mwa msewu amati mnzawo anagundidwa masiku apitawo ndipo galimoto yake sinaime, nde amapita kukatula madandaulo. Ine ndinatsika minibasi kuti ndingoyenda wapansi. Kumbuyo kwa gululo kunali ka Sienta, dalaivala wake mnyamata woti akhoza kukhala mwana wanga, hutala osasiya, kenaka anayamba kusendeza galimoto pang'onopang'ono mpaka bampala inakhudza tayala lakumbuyo la mnyamata wina. Mnyamatayo pansi khu! bondo kusupuka, limu kupindika ngati 8. Mphindi sinathe galimoto yazingidwa, wina akumenya boneti ndi pampu, wina watola kale mwala waukulu wa mngalande. Ine ndili pafupi ndinaona kumpando wakumbuyo kuli mayi wafungatira khanda, akuliphimba kumutu ndi chitenje, maso ali pagalasi kudikira kuti lisweka liti. Anapulumutsa zinthu ndi gogo wina wogulitsa nthochi amene anaponya lichero pansi nkukuwa kuti, “Muli mwana umo! Muli mwana umo inu!” Mwala uja unatsika.

Akanapanda gogo uja lero tikanakhala tikukamba za maliro angati?

Ndiyambe ndi inu madalaivala chifukwa chitsulo chili mmanja mwanu. Kagalimoto komwe mumakaona ngati kakang'onoko kamalemera kuposa tani imodzi, pomwe munthu ndi njinga yake nthawi zambiri safika ngakhale matumba awiri a chimanga. Nde mukamati ndingomukhudza pang'ono achite mantha apatuke, dziwani kuti pa njinga palibe pang'ono. Pagulu njinga zimayenda moyandikana, handulo ya uyu ili pafupi ndi handulo ya uyo, mmodzi akadzidzimuka ndi hutala yanuyo nkukhotera mbali agwa asanu, ndipo amagwera kutsogolo kwa matayala anu omwewo. Kodi mukuthamangira kuti? Ndikudziwa kuti bwana akufuna ndalama yake madzulo, mafuta avuta mwagona pa filing'i, okwera akukunyozani kumbuyo kuti tachedwa, zonsezo ndinadutsamo. Koma okwera omwewo mukagunda munthu amatsika nkukwera ina, mumatsala nokha ndi gulu lokwiya, ndipo tonse tikudziwa chimene gulu limachita kuno kwathu ndi galimoto yomwe yagunda munthu.

Izi sizongopeka, anzathu akunja zinawaonekera kale. Kupalasa njinga pagulu ngati chionetsero kunatchuka kuchokera ku San Francisco mu 1992, amakutcha Critical Mass, anthu amakumana Lachisanu lomaliza la mwezi nkudzadza msewu pofuna kuonetsa kuti nawonso ndi eni msewu, amati sakutseka njira ya wina koma akuyenda ngati mmene galimoto ikuyendera. Zinafalikira mmizinda yambiri padziko. Mu February 2011 ku Porto Alegre mdziko la Brazil bambo wina anatopa kudikira kumbuyo kwa gulu lotere, anaponda moto nkudutsa pakati pawo, anthu kuuluka pamwamba pa boneti, njinga kumwazika, ovulala 17. Mgalimoto momwemo munali mwana wake wamwamuna akuona zonse. Iye amati anachita mantha chifukwa a njinga amamuopseza, koma makamera anajambula ndipo khoti linamugamula zaka zoposa 12. Tangoganizani, munthu wa ntchito yake, wa banja lake, kutaya zonse chifukwa cholephera kuzimitsa injini kwa mphindi khumi. Chaona mnzako chapita ana anga.

Tsopano inu a njinga musaombe mmanja, ndabwera kwa inu.

Dandaulo lanu ndi loona ndipo ine ndimalimva mumtima. Ndani sadziwa mmene a minibasi amakukankhirani kunja kwa tala, mmene mphepete mwa misewu yambiri munadyekera moti ukapatuka umagwera mdzenje, mmene abambo a makala ochokera mbali za ku Dzalanyama amalowera mtauni mbandakucha matumba atasanja kuposa mutu wawo magalimoto akuluakulu akuwadutsa mphepo yokha nkuwagwetsa? Mnzanu akafa galimoto nkuthawa mtima umawawa, ndipo ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida, uli mu gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino, palibe angakulandeni. Koma mawu oti mwamtendere ndi oti opanda zida ali momwemo, ndipo mwala uli mmanja ndi chida, pampu yomenyera boneti ndi chida.

Unyinji umaledzeretsa, ndakhala ndikuziona. Mnyamata woti ali yekha pa siteji amati “tiyeni madala ndikakutuleni” mwaulemu wonse, akakhala pakati pa anzake 50 amasanduka wina, kutukwana amayi a msinkhu wa mayi ake omwe angosuzumira pawindo, kukwera mbali yakumanja kukumana ndi magalimoto maso ndi maso, kuimika njinga pa raundabauti mbali zonse ngati msewu anagula. Tsiku lija ena mwa inu fungo la kachasu limamveka patali, mmawa ngati umene uja, eti mukupita kukalira mnzanu. Mukatero amene amakumverani chisoni aja amatembenuka, madzulo nkhani pa WhatsApp sikhalanso ya mnzanu anagundidwa uja koma ya akabaza aswa galimoto, ndipo amene anathawa uja amagona tulo tabwino.

Kunja kuja kuli kachitidwe kena komwe amakatcha corking, anthu awiri atatu amaima pa mphambano kutchinga magalimoto kuti gulu lonse lidutse losaduka pakati. Cholinga chake ndi chabwino ndithu chifukwa galimoto ikalowa pakati pa njinga mpamene ngozi imachitika, koma ndewu zambiri zimayambira pomwepo. Ku Seattle mu July 2008 dalaivala wina atatchingidwa choncho anayendetsa galimoto nkugunda a njinga, iwo anamuswera magalasi, kuboola matayala, iye kumuvulaza mmutu. Onse magazi, wopambana panalibe. Nde ngati mukutchinga mphambano ikani anthu okhwima maganizo, ovala marifulekita, oti apita pawindo la dalaivala nkunena kuti pepani bwana tipirireni pang'ono tikudutsa, osati anyamata ofuna kuonetsa mphamvu. Ndipo njira yopita ku Kamuzu Central ndi ku Bwaila musamaisewere nayo chonde, si odwala onse amabwera pa ambulansi ya sayirini, ambiri amabwera pa galimoto wamba yomwe abale achita hayala, mayi matenda atamuyamba ali kumbuyo, inu simungadziwe. Wina akatulutsa dzanja pawindo nkuti ndili ndi wodwala, mutsegulireni, ngakhale mukukayika.

Komanso malamulo a polisi amafuna kuti okonza zionetsero adziwitse a DC pasadakhale, maola 48 zisanachitike. Ena mumati kumeneko nkupempha chilolezo kwa anthu omwe tikuwadandaulawo, ayi, nkuti apolisi apamsewu adziwe njira yanu, apatutse magalimoto, pakhale galimoto kutsogolo ndi kumbuyo kwanu. Kungodzuka mmawa nkuitanizana pa gulupu kuti tiyeni tikatseke msewu ndiko kumabweretsa ka Sienta kumbuyo kwa tayala lanu. Ife amene tinaona zionetsero za 20 July 2011 anthu 20 atataya miyoyo mdziko muno, tinaonanso mademo a 2019 mmene mashopu amathyoledwera mtauni muno, timadziwa kuti chinthu chimayamba ndi nyimbo nkuthera mu utsi okhetsa misozi, ndipo olowerera ofuna kuba sachedwa kufika.

Ndisaiwale, zionetsero za njinga zikachitika mwanzeru zimasintha dziko. Ku Netherlands mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi zapamsewu, mwa iwo ana oposa 400, makolo anatuluka ndi njinga zawo ndi ana awo kudzadza misewu zaka zotsatira, osatopa, mpaka boma linayamba kumanga tinjira tambiri ta njinga topatula ku msewu wa magalimoto. Lero ku Amsterdam anthu a maudindo awo amapita kuntchito pa njinga. Amenewo anapambana chifukwa madalaivala omwe anayamba kuona kuti ana akufawo ndi awonso. Inu mukaswa galasi la munthu, adzaima nanu bwanji mawa?

Chomwe chimandiwawa kwambiri nchakuti kudikirana timakudziwa bwinobwino. Mu Area 25, ku Chinsapo, ku Mchesi, paliponse pakagwa zovuta timaika masamba pamsewu, ndipo wa galimoto amachepetsa liwiro nkutsitsa wailesi, wa njinga amatsika nkuyamba kukankha, palibe wa trafiki amaimapo, palibe oliza hutala, palibe onena kuti ndachedwa. Chitanda chikamadutsa minibasi yodzadza imaima phee mpaka womaliza wadutsa. Ndi anthu omwewa, misewu yomweyi. Nanga bwanji munthu timupatse njira pokhapokha ali mu bokosi, ali moyo akupalasa timukankhe ndi bampala?

Inu eni magalimoto, auzeni anyamata anu kuti akakumana ndi gulu la njinga azimitse injini kapena abwerere azungulire njira ina, ndalama ya tiripi imodzi musawadule. Inu atsogoleri a masiteji a kabaza, woledzera asakwere njinga tsiku limenelo, wotola mwala mumugwire dzanja nokha musanadikire gogo wa nthochi.

Gulu lija linapitirira ulendo, ka Sienta kanabwerera boneti ili mphakomphako, mayi uja anatsika panjira mwana akulira osatonthola. Mnyamata wogwa uja sanapite nawo anzake. Ndinamusiya atakhala mmbali mwa ngalande akumanga bondo ndi kansalu kopukutira njinga, nditamufunsa anati njingayo si yake, ndi ya eni ake, ndipo madzulo omwewo amayenera kukapereka ya tsikulo.