Roach yaikulu izibwerera m'madzi

Abale anga amene tili kuno ku England, pali nkhani imodzi imene sitigwirizana tikakumana. Mukamva kuti munthu wakhala m'mbali mwa mtsinje tsiku lathunthu kukuzizira, wagwira nsomba, waiyeza pa sikelo, kenako waibwezera m'madzi, mumati amenewo ndi masewera a anthu okhuta. Ine ndikukana. Ndimadya nsomba ngati wina aliyense wokulira kwathu, koma roach yaikulu ya mumtsinje wa kuno siyoyenera kulowa mumphika.

Kwa amene simunaione, roach ndi nsomba ya mamba oyera ngati siliva, zipsepse zofiira, maso ofiiranso. Zing'onozing'ono zili paliponse, m'ngalande ndi m'madamu, ndipo ana ambiri kuno amaphunzirira kuwedza pa zimenezi. Koma zimakula pang'onopang'ono kwambiri. Kuti imodzi ifike mapaundi 2, amene ndi magalamu 900 ndi pang'ono, nthawi zambiri imakhala itatha zaka 10 kapena kuposa ikuzemba nsomba zolusa za pike, akatumbu ndi mbalame zakuda zija zotchedwa cormorant. Alipo madala amene awedza moyo wawo wonse osaigwirapo ya mapaundi 2. Yaikulu koposa imene inalembedwa m'mabuku a asodzi a ku Britain inali ya mapaundi 4 ndi maaunsi 4, osakwana ngakhale makilogalamu 2, ndipo inagwidwa ku Northern Ireland mu 2006.

Mwezi wa Febuluwale ndinapita ku mtsinje wa Avon, kumunsi kwa mzinda wa Salisbury, ndi mnzanga wakalekale amene tinaphunzira limodzi ku sekondale. Iye anandiyambirira kubwera kuno, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kawedzedwe kameneka. Mvula inali itagwa masiku angapo m'mbuyomo, madzi ataderako pang'ono koma akuphwa, mphepo ili zii, kumwamba kuli mitambo. Odziwa roach amalakalaka tsiku lotere, chifukwa madzi akayera mbee dzuwa n'kuwala, zazikulu sizidya.

Kawedzedwe kake kamafuna mtima wodekha. Chingwe n'chopyapyala ngati tsitsi, kambedza kakang'ono kopanda ngowe, nyambo yake kabuledi kofewa kotsina pa mbedza kapena mphutsi. Umaponya float, kachinthu koyandama komangirira pa chingwe kamene kamamira nsomba ikadya nyambo, n'kuisiya kuti iyende ndi madzi, uku ukuigwiragwira pang'ono kuti nyambo itsogole. Pakapita kanthawi umamwaza tinjere towiritsa ta mbewu yotchedwa hemp, tochepa chabe, kuti nsomba zisonkhane koma zisakhute. Ukatero umabweza chingwe n'kuponyanso, kuponyanso, mpaka zala kuuma. Masana onse tinkangogwira ting'onoting'ono.

Apa m'pamene pali chinthu china chimene otinyoza sachiona. Moyo wa kuno umatimwaza: mashifiti a usiku, ana, lendi, ndalama zotumiza kumudzi. Abwenzi a zaka zambiri timangoonana pa maliro kapena pa ukwati, phokoso lili tho. Kumtsinje kuja tinakhala motalikirana pang'ono, aliyense maso pa float yake, mawu akubwera mwa apo ndi apo. Ndi pamenepo pamene mnzanga uja anandiuza za matenda a mayi ake, nkhani imene pa foni sanaitchulepo. Amuna a msinkhu wathu sitiulula zakukhosi titayang'anizana pa tebulo. Timaulula manja ali pa ntchito, nthawi ilipo yambiri, palibe wotifulumizitsa.

Dzuwa litangolowa, float yake inamira mwakachetechete. Anangoti, "Achimwene, bweretsani kaukonde msanga, iyi si yamasewera." Nsombayo inagwedeza mutu pansi pa madzi, ndodo ili chipindikire, ine mtima uli m'mwamba poganiza za kachingwe kaja. Italowa mu ukonde tinagwada tonse pa udzu. Inali yotambalala, ya msana wakuda, ndipo pa sikelo inapereweza pang'ono mapaundi 2. Ananyowetsa manja asanaigwire kuti asaichotse utelezi umene umaiteteza ku matenda, ndinajambula chithunzi, ndipo anaigwirira m'madzi mpaka inapeza mphamvu n'kuchoka yokha. Palibe mwa ife amene anaganizako za chikwama.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mtsinje wa Avon womwewu unali wotchuka ndi roach zazikulu, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinali zitasowa m'madera ambiri a pakati pa mtsinjewu. Asodzi ongodzipereka anayambitsa Avon Roach Project. Ankaika m'madzi matabwa omangiriridwa maukonde kuti nsomba ziikirepo mazira, ankatenga mazirawo n'kukaswetsa m'matanki, ankalera tianato m'madamu kwa zaka, kenako n'kuzibwezera mumtsinje. Anthu avutika chonchi osalipidwa, ndiye ine ndibwere n'kukazinga mayi wa mazira zikwizikwi usiku umodzi? Ife amene tinaona chambo chikutha m'nyanja ya Malombe sitifunika kuchita kuphunzitsidwa zimenezi ndi munthu wina. Ndipo kutseka madzi kuti nsomba ziswane si nzeru yachilendo kwa ife: a mfumu Makanjira ku Salima akhala akutseka chilumba cha Mbenji nyengo ya dzinja kwa zaka zambirimbiri, n'chifukwa chake kumeneko nsomba zikupezekabe.

Ndikumva amene akuti kulasa nsomba ndi mbedza popanda cholinga choidya ndi nkhanza. Mfundo imeneyo sindiipeputsa, ndiye chifukwa chake ndimaumirira mbedza yopanda ngowe, manja onyowa, ndi kusaisunga nsomba kunja kwa madzi nthawi yaitali. Koma amene amasamala za mitsinje imeneyi tsiku ndi tsiku, amene amaimba foni akaona zonyansa zikutayiridwa m'madzi, kawirikawiri ndi asodzi omwewa.

Amene mukufuna kuyesa, yambani mwagula laisensi ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, chifukwa kuwedza popanda iyo chindapusa chake chimatha kufika £2,500. Pezaninso chilolezo cha eni malo kapena kalabu imene imayang'anira gawo la mtsinjelo, poti makalabu ambiri salola kutenga nsomba ngakhale imodzi. Mitsinje imatsekedwa kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni kuti nsomba ziswane, ndipo roach zazikulu zimadya bwino kuyambira Novembala mpaka masiku otsekerawo.