Mwana akumane ndi funso asanapatsidwe fomula

Ndikuona kuti m'makalasi ambiri a sekondale geometry imaphunzitsidwa chadodolido, chifukwa wophunzira amapatsidwa fomula kuti aloweze pamtima asanakumane ndi funso lomwe linabala fomulayo. Mwana wotere amatha kulemba a² + b² = c², lamulo la Pythagoras lonena za mbali zitatu za thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90, pa mayeso a MSCE n'kupeza malikisi ake onse, koma mukamufunsa chifukwa chake zimenezi zili zoona, amangoyankha kuti ndi mmene aphunzitsi ananenera. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, popeza geometry ndi gawo la masamu limene munthu angathe kudzionera yekha ndi maso ake kuti chinthu ndi choona, osadalira mawu a munthu wina.

Taganizirani funso ili. Muli ndi kadimba ka sikweya komwe mbali yake iliyonse ndi mamita 2, kutanthauza kuti malo ake ndi masikweya mita 4. Mukufuna kadimba kena, ka sikweya ndithu, koma kokhala ndi malo owirikiza kawiri, masikweya mita 8. Kodi mbali yake italike bwanji? Anthu ambiri amathamangira kunena kuti mamita 4, koma akawerengetsa amapeza 16, kuwirikiza kanayi. Akayesa mamita 3 amapeza 9, yomwe ikupitirirabe. Plato, woganiza mozama wa ku Greece wakale, analemba za funso lomweli m'buku lake lotchedwa Meno zaka zoposa 2,300 zapitazo, pomwe mphunzitsi wake Socrates amafunsa mnyamata wina waukapolo yemwe sanaphunzirepo masamu, ndipo mnyamatayo anaphonya motsatana chomwechi, poyamba 4 kenako 3.

Yankho lake limaonekera pa chojambula. Jambulani sikweya yaikulu ija ya mamita 4, muigawe m'masikweya aang'ono anayi ofanana ndi kadimba koyamba. Mu sikweya yaing'ono iliyonse lembani mzere wopingasa kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anizana nayo, mwanjira yakuti mizere inayiyo ilumikize pakati pa mbali zinayi za sikweya yaikulu. Pakatipo patuluka sikweya yopendekeka. Mzere uliwonse wadula sikweya yaing'ono pakati penipeni, ndipo sikweya yopendekekayo yatenga theka limodzi kuchokera ku iliyonse. Matheka anayi a masikweya mita 2 akupanga 8. Choncho mbali yomwe timafuna ndi mzere wopingasa wa kadimba koyamba. Mwana amene wavutika ndi 16 ndi 9 kenako n'kuona chithunzichi wagwira kale mtima wa lamulo la Pythagoras, pakuti 2² kuphatikiza 2² ndi 8, ndipo akadzapatsidwa fomula adzailandira ngati chinthu chimene akuchidziwa kale.

Amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito lamulo lomweli tsiku ndi tsiku. Pokhazika ngodya ya maziko amakhoma zikhomo, amakoka chingwe, amayeza masentimita 60 mbali ina ndi 80 mbali inayo, ndipo mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ukakwana 100 amadziwa kuti ngodya yakhala bwino. N'zodandaulitsa kuti wophunzira wa Fomu 3 angathe kudutsa pamalo omanga n'kuona zonsezi osazindikira kuti ndi thirayango ya mbali 3, 4 ndi 5 ya m'kope mwake ija, yongochulukitsidwa ndi 20.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi amanena kuti silabasi ndi yaitali, makalasi ndi odzaza, ndipo nthawi yosewera ndi mafunso ozunguza mutu palibe. Madandaulo amenewa ndi oona ndipo sindikuwapeputsa. Komabe funso la kadimba silifuna kompyuta kapena buku latsopano, limangofuna choko ndi bolodi, ngakhale kamtengo kolembera pansi, komanso mphindi zochepa zosiya ana kuti atsutsane okhaokha. Nthawi yomwe imathera pa kubwereza fomula yomwe ana aiwala ndi yochuluka kuposa pamenepo.

Makolo nawonso angathandize kunyumba ndi funso ngati ili. Tiyerekeze kuti mwazunguliza chingwe chothina pa equator, mzere wozungulira dziko lapansi pakati pake, womwe ndi wotalika pafupifupi makilomita 40,000. Kenako mwaonjezera mita imodzi yokha pa chingwecho, n'kuchikweza mofanana paliponse kuti chisakhudze nthaka. Kodi mpata wa pakati pa chingwe ndi nthaka ungakhale waukulu bwanji? Ambiri amati ngakhale tsamba silingalowepo. Koma popeza kuzungulira kwa bwalo ndi 2πr (r ndi mtunda wochokera pakati pa bwalo kukafika m'mphepete mwake, ndipo π ndi pafupifupi 3.14), mita yoonjezerayo ikagawidwa ndi 2π imapereka pafupifupi masentimita 16, ndipo kukula kwa dziko sikulowamo konse m'chiwerengerocho. Mwana akakana kukhulupirira, mpatseni chingwe azungulize pa ndowa, aonjezere mita imodzi, ayeze yekha mpatawo ndi rula, kenako abwereze pa mgolo waukulu.