Musanachotse Windows, funsani kaye mwini wake

Nkhaniyi yandikhala pamtima milungu ingapo, lero ndiitulutse. Ndikulankhula makamaka ndi anzanga amene timakonza makompyuta a anthu, kaya pashopu kaya kunyumba, komanso ndi aliyense amene ali ndi laputopu yakale ndipo wina wamuuza kuti "ingosinthani, ikani Linux", sisitimu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows.

Achemwali anga ndi aphunzitsi, ndipo akumaliza digiri kwinaku akugwira ntchito. Laputopu yawo ndi ija yogula itagwirapo kale ntchito kunja, ya hard disk ya 500 GB. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene laputopu yawo ilibe. Atapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni, anawalangiza kuti aike Ubuntu, mtundu umodzi wa Linux. Malangizowo sanali olakwika. Inenso Linux ndi imene ndimagwiritsa ntchito, ndipo laputopu zambiri zimene anthu akuti zatha zimadzuka bwinobwino zikaikidwa Ubuntu kapena Linux Mint. Cholakwika chinali chimodzi: sanawafunse kuti zinthu zawo azisunga pati. Poika Ubuntu pamabwera tsamba lofunsa ngati ukufuna kuiika pambali pa Windows kapena kufufuta disiki yonse. Iye anasankha kufufuta yonse, nalandira ndalama yake, n'kuwapatsa laputopu ikuwala.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma apa wosafunsa anali wina, wodya phula n'kukhala wina.

Achemwali anandiimbira patapita masiku atatu. "Achimwene, zinthu zanga zija anaziika pati? Ndafunafuna, foda ya sukulu sindikuiona, zithunzi za amayi sindikuziona." Amayi anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo zithunzi zawo zambiri zinali m'laputopu imeneyo basi, chifukwa foni imene anajambulira inatayika kalekale. Ndinawafunsa ngati akhala akuigwiritsa ntchito. Anati eya, aikamo mapulogalamu, atsitsa mabuku a sukulu, ana aonerapo mavidiyo. Mtima unangoti zii. Ndinawauza kuti, "Achemwali, izimitseni pompano. Musatsegule kanthu, musasungemo kanthu, musalole mwana aigwire. Ndikubwera."

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndikanakonda aliyense atachidziwa. Ukafufuta fayilo, kapena ukafomata disiki mwachangu, kompyuta siipita kukasesa malo amene fayiloyo inali. Imangochotsa dzina lake m'kaundula, n'kulemba kuti malowo alibe mwini. Zili ngati munda umene azulapo zikhomo za malire n'kufafaniza dzina lako m'buku la amfumu: chimanga chako chikadali chiimire mpaka tsiku limene wina adzabwere ndi khasu. Windows imasunga mafayilo m'dongosolo lotchedwa NTFS, ndipo kaundula wake ndi MFT. Ubuntu ikabwera imayala dongosolo lake, ext4, n'kuyamba kulemba pamwamba. Imene ija yadzilemba yokha ndi magigabayiti angapo chabe pa 500, kotero gawo lalikulu la munda limakhala lisanalimidwe. Koma buku lililonse limene watsitsa, vidiyo iliyonse imene waonera, ngakhale kungoyatsa kompyuta n'kuisiya, zonsezo zimalemba penapake. Ndipo pamene palembedwa chatsopano, chakale chapita. Palibe pulogalamu, yaulere kapena yogula, imene ingachibweze.

Ndiye masiku atatu aja anatidyera zambiri kuposa mmene mnyamata uja anatidyera pa ola lake limodzi.

Zimene tinachita ndizifotokoze, mwina zithandiza wina. Sindinaiyatse laputopuyo kuchokera pa disiki yake. Ndinatenga fulashi yokhala ndi Ubuntu n'kuyatsira pamenepo, kusankha kungoiyesa osaiika, kuti disiki yam'kati isalembedwe. Ndinabwereka hard disk yakunja ya 1 TB kwa mnzanga, ndipo chinthu choyamba chinali kukopera disiki yonse mmene inalili, kachigawo ndi kachigawo, ndi pulogalamu ya ddrescue. Zinatenga usiku wonse, ndili ndi nkhawa ya magetsi chifukwa batire la laputopuyo silikhalitsa. Anthu ambiri amadumpha sitepe imeneyi poona kuti ikuchedwetsa. Musaidumphe. Ukakhala ndi kope, ukhoza kulakwitsa kakhumi n'kuyambiranso. Ukamagwira disiki yeniyeniyo, kulakwitsa kamodzi kokha n'kokwanira.

M'mawa mwake ndinayamba ndi TestDisk. Iyi ndi pulogalamu yaulere imene analemba Christophe Grenier wa ku France, ndipo imabwera pamodzi ndi inzake yotchedwa PhotoRec. Ntchito ya TestDisk ndi kufufuza zigawo za disiki zimene zasowa. Mwayi wathu unali wakuti amene anawagulitsa laputopuyo anaigawa pawiri, C ndi D, monga ambiri amachitira kuno. C inali kumayambiriro, kumene Ubuntu inafikira kukhala. D inali kumapeto. Kufufuza koyamba sikunapeze kanthu, koma kufufuza kozama kunaitulutsa D, ndipo nditadina P kuti ndione zam'kati, mafoda anandandalika ndi mayina awo. Panali foda yolembedwa kuti Amayi. Achemwali anali ataima kumbuyo kwanga, chitenje ali nacho kukamwa, osalankhula. Ndinakopera zonse kupita ku disiki yakunja. Apa ndichenjeze: TestDisk ili ndi batani lolembera zigawo zakale pa disiki, ndipo munthu wamantha amathamangira pamenepo. Koperani kaye zinthu zanu kwina, zokonza disiki zibwere pambuyo.

Sizonse za mu D zinatuluka zamoyo. Dongosolo la ext4 silikhala kumayambiriro kokha, limamwaza timakope ta kaundula wake m'malo osiyanasiyana a disiki, ndiye mafayilo ena anabooledwa pakati. Chithunzi china chinatseguka theka: kumtunda amayi atakhala pamkeka akusenda chinangwa, kumunsi mzere wotuwa basi.

Vuto lalikulu linali C. Pepala lawo la kafukufuku, limene analemba kwa chaka chathunthu, ankalisunga pa Desktop, ndipo Desktop imakhala mu C. Kumeneko kaundula anali atawonongeka, ndiye tinatembenukira kwa PhotoRec. Iyi siifunsa kaundula ayi. Imayenda pa disiki yonse ikununkhiza mitu ya mafayilo, chifukwa mtundu uliwonse umayamba ndi chizindikiro chake: PDF imayamba ndi zilembo za %PDF, chithunzi cha JPEG chimayamba ndi FF D8 FF, ndipo fayilo ya Word ya masiku ano ndi phukusi la zip loyamba ndi PK. Ikapeza mutu, imatola kuyambira pamenepo. Imazindikira mitundu yoposa 400, koma mtengo wake ndi wakuti mayina ndi mafoda sizibwerera. Umapeza mulu wa mafoda otchedwa recup_dir.1, recup_dir.2, kumapitirira, ndipo m'kati mwake muli mafayilo okhala ndi dzina la chilembo f ndi manambala. Imatolanso zinyalala zonse: tizithunzi ta masamba a pa intaneti, timaikoni ta mapulogalamu. Ngati mukudziwa chimene mukufuna, iuzeni kuyambira pachiyambi mitundu yoti itole, apo ayi mudzapeta mulu wa mankhusu kufuna njere imodzi.

Tinakhala madzulo atatu tikutsegula mafayilo a Word limodzi limodzi. Tinapeza mitu (machaputala) itatu ya pepala lawo, iwiri yathunthu, umodzi wakale usanakonzedwe. Mutu wachinayi, umene unali ndi zotsatira za mafunso amene anayenda nawo m'masukulu, unapezeka koma unakana kutseguka. Fayilo imene umaisunga mobwerezabwereza nthawi zina imakhala zidutswazidutswa pa disiki, ndipo PhotoRec ikatola mutu popanda mchira, nthawi zambiri palibe chimene ungachite nayo.

Pali china chimene chinandidzidzimutsa, ndipo ndichitchule ngakhale chikupatuka pang'ono. M'mulu uja munatuluka zithunzi za anthu osawadziwa, banja lina la kunja, ana akusewera m'chipale chofewa, ndi makalata ooneka kuti ndi a kubanki. Zinali za mwini wake woyamba wa laputopuyo, zaka zonsezi zikugona m'menemo. Tinazifufuta osawerenga. Koma taganizani za foni ndi makompyuta amene timagulitsa kapena kupinyolitsa titangofomata mwachangu, n'kumati tayeretsa. Ngati mukugulitsa, fomatani mokwanira, kuja kochedwa. Kuyambira pa Windows Vista kumeneko kumalemba maziro pa disiki yonse.

Ndisakupatseni chiyembekezo chabodza. Ife zinatiyendera chonchi chifukwa disikiyo ndi yakale, ija yozungulira. Makompyuta ambiri atsopano ali ndi SSD, disiki ya mtundu watsopano yosazungulira, ndipo SSD ili ndi lamulo lotchedwa TRIM limene limaiuza kuti malo akutiakuti alibenso ntchito, iyo n'kuwasesa yokha. Poyala ext4 lamuloli nthawi zambiri limaperekedwa pa gawo lonse nthawi imodzi, ndiye ukabwera ndi PhotoRec umapeza mbee. Chinanso ndi BitLocker. Makompyuta ambiri a Windows 11 amabwera disiki itakhomedwa kale mwini wake osadziwa, ndipo kiyi wake ndi wa manambala 48, amene nthawi zambiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft. Disiki yotero ikafufutidwa, zotsalazo zimaoneka ngati phokoso chabe, mitu ya mafayilo siizindikirika. Musanalole munthu kukhudza kompyuta yanu, lowani mu akauntiyo, lembani kiyiyo papepala.

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ena sakondwa nawo. Mlandu waukulu ndimaupereka kwa ife okonza. Ndamva anzanga akuti, "Kasitomala amayenera kudzisungira yekha zinthu zake." Zoona, amayenera. Koma mayi wobwera ndi laputopu m'chikwama, akamva mawu akuti kusintha sisitimu, m'mutu mwake zili ngati kupenta nyumba: upenta, katundu akhala momwemo. Sadziwa kuti ukukamba zogwetsa nyumbayo n'kumanga ina. Wodziwa ndiwe. Tsamba lochenjeza limene limabwera usanadine, lonena kuti zonse zifufutidwa, umaliwerenga ndiwe, iye ali pabenchi panja akudikira. Kufunsa kuti "Amayi, muli zofunika umu? Mwazisunga pena?" sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Ngati alibe posungira, muuzeni mtengo wokopera, kapena mubwezeni akagule fulashi. Ndikudziwa kuti ndalama ya ntchitoyi ndi yochepa ndipo pamzere pali anthu ena, koma kuthamangako kunawatayitsa achemwali anga mwezi wathunthu wa tulo.

Ndipo yankho lakuti "eya, ndinasunga" osamangolikhulupirira. Anthu ambiri amakopera njira yachidule (shortcut) ya pa Desktop n'kumayesa akopera foda yeniyeni. Ena amakopera Documents n'kuiwala Downloads, kumene kuli theka la moyo wawo. Ena amati zili pa Google Drive, pamene 15 GB yaulere ija inadzaza kale, kapena bandulo inatha zinthu zisanamalize kukwera. Ine tsopano munthu akabwera, ndimamuuza kuti alowetse fulashi yakeyo pa kompyuta ina, atsegule mafayilo atatu kapena anayi ine ndikuona. Akatsegula, ndiyamba ntchito. Akakana, laputopu ndimamubwezera.

Kwa mnyamata uja tinabwererako. Sitinapite kukakangana. Ndinamuonetsa chithunzi chatheka chija pafoni, n'kumufotokozera mmene zinakhalira. Anakhala chete nthawi ndithu, kenako anati sankadziwa kuti munali zinthu zotere. Ndinamukhulupirira. Ndinamusiyira fulashi yokhala ndi TestDisk n'kumuonetsa poyambira.

Mutu wachinayi uja achemwali anaulembanso kuchokera pa kope la papepala limene aphunzitsi awo anawabwezera litadzaza inki yofiira, ndi mapepala a mafunso amene mwamwayi anali akadali m'katoni pansi pa bedi. Ubuntu anaisiya momwemo, akuti yawazolowera ndipo laputopu siikuchedwanso. Zithunzi za amayi zimene zinapulumuka tazikopera malo atatu, ndipo khumi mwa izo tinakazitsukitsa, zili m'chimbale kwa atate kumudzi. Panali kavidiyo kamodzi ka amayi akuimba nyimbo ya kumvano pakhonde, kamene achemwali anakaika pa Desktop kuti azikaonera pafupi. Ndabwereza kufufuza pa kope lija kanayi konse, ndi mapulogalamu osiyanasiyana. Sikanapezeke.