Nsapato za gogoda: ku Joni, ku Milange ndi kwathu ku Limbuli

Achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adanditumizira chithunzi cha nsapato ya gogoda ya Christian Louboutin wa ku Paris, yakuda pamwamba, kunsi kofiira psuu. Ndidaiyang'ana nthawi yaitali. Chidendene chowonda ngati pensulo, kutsogolo kosongoka bwino, moti phazi limaoneka lalitali. Ndi yokongola, tisanamizane. Koma mtengo wake ndi madola mazanamazana, ndipo kufiirako ndi utoto umene umapalika ukangoponda pa miyala.

Ku South Africa mkazi amalipira dzina. Akaikonda nsapato m'sitolo amaiika pa lay-by, n'kumapereka pang'onopang'ono mpaka atamaliza. Kuleza mtima koteroko ndimakusirira, ngakhale misewu yawo imawathandizanso: kuchoka m'galimoto n'kuponda pa matailosi.

Tsidya la Muloza, ku Milange, ndidaona zina. Mayi wa ku Mozambique amayamba wasankha capulana, chitenje chawo chija, nsapato n'kubwera pambuyo kudzagwirizana ndi mtundu wa nsalu. Ambiri amavala zafulati zopepuka, zina zotengera masitayelo a ku Brazil monga Havaianas, poti mayiko awiriwa amalankhula Chipwitikizi. Sachita nazo manyazi, ndipo amatchena ndithu. Nsapato za ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam zimabwera zonyezimira, zotchipa, koma zina mvula imodzi ya ku Mulanje kuno guluu n'kumatuka.

Ife mphamvu yathu ndi kaunjika. Anzathu a ku Zambia amati salaula, ku Tanzania mitumba, ku Mozambique calamidade, koma luso la kusankha ndimaliona kwambiri mwa amayi a kuno. Belo likangotsegulidwa pa Limbuli, mayi amagwada, n'kuitembenuza nsapato, kuipinda pakati, kukanikiza ndi chikhadabo, ngakhale kuinunkhiza kuti adziwe ngati ili ya chikumba chenicheni. Akapeza imodzi amaipanira kukhwapa, dzanja lina likufukula muluwo kusaka inzake. Umo ndi mmene ndidapezera gogoda wanga wa chikumba wolembedwa kuti adapangidwa ku Italy, chidendene chake chonenepa, chosatitimira m'matope. Kungoti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa akuti belo lidakwera, ndiye kunenerera mtengo kwavuta.

Ndikayeza zonsezi, ndimaima ndi nsapato yoti mmisiri wa pansi pa mtengo angathe kuisoka. Gogoda wanga uja chidendene chitadyeka, bambo wina pa Chitakale adadula kachidutswa ka tayala, n'kukhomerera ndi timisomali titatu.

Achemwali ndawauza kuti Louboutin'yo aisiye m'sitolo momwemo, andisakire ya chidendene chonenepa, saizi 6, yofiirira ngati dothi la m'minda ya tiyi. Ukwati wa mwana wa amalume uli ku Luchenza, ndipo kuchoka pamsewu kukafika kutchalitchi ndi pa kabaza.